Mtovu-210, mabatire ndi fodya wa m'chigafa: yankho kwa bambo a ku Kasungu

Kalata imene ndalandira ikuti: "Ndine bambo wa ana anayi, ndimakhala ku Kasungu. Kwa zaka 12 ndakhala ndikutchaja ndi kukonza mabatire a galimoto ndi a sola. Mitu ya batire ikadyeka ndimasungunula mtovu wa m'mabatire akutha n'kuumba ina. Kumudzi timalima fodya wa bale. Mwana wanga wamkazi amene ali Fomu 4 wandiuza kuti kuli mtovu wina wotchedwa mtovu-210 umene umatulutsa radiyeshoni, ndipo akuti umapezekanso m'masamba a fodya. Chandizunguza mutu n'chakuti chaka chatha, nditapita ndi mng'ono wake kokajambulitsa X-ray, anandiveka chovala cholemera n'kundiuza kuti muli mtovu wonditeteza ku radiyeshoni yomweyo. Nanga chinthu chimodzi chingakhale mankhwala n'kukhalanso matenda? Kodi ndisiye ntchitoyi? Nanga ana amene amasoka fodya m'chigafa ali pangozi? Ndionjezere kuti ine ndimasuta chingambwe, ngakhale si kwambiri."

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Mwana wanu sananame, ndipo amene anakuvekani chovala chija sanakunamizeninso. Pa nkhani ya radiyeshoni, kapena kuti cheza, chochokera mu mtovu wa mabatire, mtima ukhale pansi. Ndaphunzitsa fizikisi ndi kugwira makina oyezera cheza kwa zaka zambiri, ndipo mtovu wa batire sunandiopsepo ku mbali imeneyo. M'kalata mwanu muli zinthu ziwiri zimene zandidetsa nkhawa, utsi wa mtovu umene mumapuma posungunula ndi chingambwe chija. Ndifikako. Koma tiyambe tamudziwa mtovu-210 ameneyu, kuti pamene ndikuti apa musaope, apa opani, mudzionere nokha chifukwa chake.

Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi timaatomu tosaoneka ndi maso. Pakati pa atomu pali phata lake, limene m'kalasi amati nyukiliyasi, ndipo m'phatamo muli tinthu ta mitundu iwiri, mapulotoni ndi manyutuloni. Chiwerengero cha mapulotoni ndicho mfunda wa atomuyo. Atomu iliyonse ya mapulotoni 82 ndi mtovu basi, monga mwana wa a Phiri ali Phiri kaya ndi wonenepa kaya woonda. Manyutuloni ndiwo amasiyanitsa kulemera. Mukaphatikiza mapulotoni ndi manyutuloni mumapeza nambala imene imalembedwa kutsogolo kwa dzina. Choncho mtovu-210 uli ndi mapulotoni 82 ndi manyutuloni 128, pamene mtovu-208 uli ndi mapulotoni 82 omwewo koma manyutuloni 126. Abale a mfunda umodzi osiyana kulemera oterewa ndiwo amatchedwa maaisotopu.

Mtovu umene mumagwira tsiku ndi tsiku ndi msakanizo wa abale anayi okhazikika. Kuposa theka pang'ono ndi mtovu-208, pafupifupi magawo 24 pa 100 ndi mtovu-206, magawo 22 ndi mtovu-207, ndipo kotsalako, kosafika magawo awiri, ndi mtovu-204. Anayiwa satulutsa cheza. Mtovu-208 ndiye ndimakonda kuchedwa nawo ndikamaphunzitsa, chifukwa ndi phata lolimba modabwitsa. Mapulotoni ndi manyutuloni amakhala m'mizere m'phatamo, ndipo mzere ukadzaza phata limamangika kwambiri. Mizereyo imadzaza pa manambala 2, 8, 20, 28, 50, 82 ndi 126. Maria Goeppert Mayer ndi Hans Jensen analandira mphoto ya Nobel mu 1963 chifukwa cholongosola zimenezi. Taonani tsono mtovu-208: mapulotoni 82, mzere wodzaza, manyutuloni 126, mzere wodzazanso. Palibe atomu ina yokhazikika yolemera kuposa imeneyi. Kale tinkaphunzitsa kuti bismuth-209 ndiye womaliza, koma mu 2003 akatswiri a ku France anapeza kuti nayenso amasweka, ngakhale mochedwa koopsa, moti theka lake kuti lithe pamafunika nthawi yoposa msinkhu wa chilengedwe chonse kuchulukitsa ka biliyoni. Kupitirira mtovu, zonse zimasweka.

Mtovu-210 uli ndi manyutuloni awiri opitirira pa mzere wodzaza uja, ndipo awiriwo alibe pokhala pabwino. Tsiku lina nyutuloni imodzi imasanduka pulotoni, ndipo posandukapo imaponya kunja kanthu kopepuka kwambiri kotchedwa elekitiloni. Kumeneko ndiko kusweka kwa beta. Mapulotoni akwana 83, mfunda wasintha, atomu ija tsopano ndi bismuth-210. Ameneyu sachedwa, theka lake limatha m'masiku 5, ndipo amasweka mwa njira yomweyo n'kukhala poloniyamu-210 wa mapulotoni 84. Poloniyamu theka lake limatha m'masiku 138, koma iye amaponya chinthu cholemera, kamtolo ka mapulotoni awiri ndi manyutuloni awiri kotchedwa alufa. Chotsani 2 pa 84 mupeza 82, chotsani 4 pa 210 mupeza 206. Tabwerera ku mtovu, koma tsopano ndi mtovu-206 wokhazikika, ndipo ulendo wathera pomwepo. Mwana wanu alembe masamu amenewa m'kope, ndi mtundu wa mafunso amene amabwera pa mayeso.

Mawu akuti theka limatha ndiwalongosole. Mtovu-210 theka lake limatha m'zaka 22 ndi miyezi ingapo, ndipo nthawi imeneyi m'mabuku amailemba kuti half-life. Mukakhala ndi maatomu 1,000 lero, pakatha zaka 22 atsala pafupifupi 500, pakatha zaka 44 atsala 250, pakatha zaka 67 atsala 125. Pakatha zaka 220 pa 1,000 paja patsala imodzi. Palibe amene angaloze atomu n'kunena kuti iyi isweka mawa, monga simungaloze njere ya mbuliwuli imene iphulike koyamba m'chiwaya. Koma pa gulu lalikulu masamuwo saphonya. Moto wanu wa makala, asidi wa m'batire, nyundo, palibe chimene chingafulumizitse kapena kuchedwetsa kuswekaku, chifukwa zonsezo zimangokhudza kunja kwa atomu, phata silimva.

Wina angafunse kuti, dziko lakhalapo zaka mabiliyoni 4.5, nanga chinthu chotha theka m'zaka 22 chatsala bwanji? Yankho ndi lakuti chimabadwa chatsopano tsiku lililonse. Gogo wake ndi yureniyamu-238, amene theka lake limatha m'zaka pafupifupi mabiliyoni 4.5. Tikamva za yureniyamu maganizo amathamangira ku Kayelekera ku Karonga, koma kumeneko n'kumene anangounjikana kwambiri moti n'kukumbidwa. M'dothi wamba ndi m'miyala muli magalamu awiri kapena atatu a yureniyamu pa tani iliyonse, kaya ku Kasungu kaya ku London. Yureniyamu amasweka masitepe 14 asanafike pa mtovu-206. Pakati pa ulendowo pali radiyamu-226, wa zaka 1,600, amene amabala radoni-222. Radoni ndi mpweya, ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo theka lake limatha m'masiku osakwana anayi. Pokhala mpweya, umatuluka m'ming'alu ya nthaka n'kuyenda ndi mphepo. Ukasweka m'mwambamo ana ake sakhalitsa: poloniyamu-218 mphindi zitatu, mtovu-214 mphindi 27, bismuth-214 mphindi 20, poloniyamu-214 kosakwana kuphethira kwa diso. Kenako pamabwera mtovu-210, amene ndiye woyamba kukhalitsa. Umamatirira ku fumbi, ndipo mvula imautsitsa pa madenga, pa minda, pa nyanja. Zakhala choncho kuyambira makolo athu asanabadwe.

Kugwa kosalekeza kumeneku kuli ndi ntchito yake yabwino. Matope a pansi pa nyanja amasanjikizana chaka ndi chaka, ndipo a chaka chilichonse amakwirira mtovu-210 wa chakacho. Ukatsika pansi mtovuwo umanka nuchepa ndi theka zaka 22 zilizonse, motero ofufuza amatha kuwerenga zaka za matopewo kubwerera m'mbuyo zaka 100 mpaka 150. Njira imeneyi yagwiritsidwa ntchito pa matope a m'Nyanja ya Malawi pofuna kuona mmene dothi lokokoloka kumtunda lakhala likulowera m'nyanjamo.

Tsopano tibwere ku batire lanu. Mwala wa mtovu umakumbidwa pansi pomwe pali timbewu ta yureniyamu ndi radiyamu. Poyenga, yureniyamu ndi radiyamu amapita ndi zinyalala, koma mtovu-210 umatsala, chifukwa ng'anjo siisiyanitsa abale a mfunda umodzi. Pali mbiri imene imaonetsa bwino zimenezi. Cha mu 1911 ku Manchester, Ernest Rutherford anapatsa wachinyamata wa ku Hungary, George de Hevesy, ntchito yolekanitsa chinthu chimene nthawiyo ankachitcha radium D ndi mtovu wamba. Anavutika nazo pafupifupi zaka ziwiri osaphula kanthu, pakuti radium D ameneyo anali mtovu-210, mtovu ndithu. Mmalo motaya mtima anaganiza kuti, popeza ziwirizi sizilekana, ndiye cheza cha chimodzi chingandiuze kumene chinzake chapita. Mu 1913, pamodzi ndi Friedrich Paneth ku Vienna, anayambitsa njira yolondola zinthu ndi cheza, imene lero madokotala amaonera nayo mmene ziwalo zikugwirira ntchito. Anapatsidwa Nobel ya 1943. Ndimafotokozera ophunzira nkhaniyi chaka chilichonse, makamaka amene zoyesa zawo zakanika.

Choncho inde, mtovu woyengedwa kumene uli ndi kamtovu-210 pang'ono. Timayeza ndi bekerelo, kutanthauza atomu imodzi kusweka pa sekondi. Mtovu wamba wa pamsika nthawi zambiri umakhala ndi mabekerelo makumi kapena mazana angapo pa kilogalamu. Kuti muone kukula kwake, thupi lanu lomwelo lili ndi mabekerelo pafupifupi 4,000 a potaziyamu-40 wochokera m'zakudya, ndipo munthu aliyense ali choncho. Chinanso, cheza cha mtovu-210 n'chofooka kwambiri. Elekitiloni yake yamphamvu koposa ili ndi 63 keV (keV ndi muyezo wa mphamvu ya cheza), zambiri zili pansi pa 17 keV, ndipo pa kusweka 100 kulikonse, kanayi kokha m'pamene pamatuluka kacheza ka gama, kofanana ndi X-ray, ka 46.5 keV. Zonsezi zimamezedwa ndi mtovu womwewo zisanatuluke. Elekitiloni ya bismuth-210 ndiyo yamphamvupo, koma nayo imangotuluka kuchokera pakhungu penipeni pa chitsulocho. Ndachitapo kangapo pamaso pa ophunzira: kuika makina oyezera cheza a Geiger pa chidutswa cha mtovu, kulira kwake sikusintha moti n'kuzindikira. Kenako kuwazinga makinawo ndi mtovu mbali zonse, kulira kumatsika, chifukwa cheza cha m'makoma ndi m'nthaka chatchingidwa.

Apa m'pamene pali yankho la chovala chija. Mtovu ndi wothinana, lita imodzi imalemera makilogalamu 11.3, ndipo atomu iliyonse ili ndi maelekitiloni 82 oti cheza cha X-ray chiwombane nawo. N'chifukwa chake mtovu wochindikala theka la milimita umachotsa gawo lalikulu kwambiri la cheza chomwazika m'chipinda chojambulira. Chimene chovalacho chimatchinga n'chachikulu kutalitali poyerekeza ndi chimene chimatulutsa. Sindikubisirani kuti mu 1997 ku United States boma linachenjeza za zovala zina zotere zimene zinapangidwa ndi mtovu wokhala ndi mtovu-210 wochuluka kuposa wamba. Zinapezeka chifukwa choyeza, ndipo zinachotsedwa. Tsiku lina akadzakuvekaninso, valani.

Amene kamtovu-210 ka m'chitsulo kamawavutitsadi ndi akatswiri oyeza zinthu zosowa kwambiri, amene kwa iwo ngakhale kunong'ona ndi phokoso. Ku Gran Sasso ku Italy, m'malo ofufuzira a pansi pa phiri, makina otchedwa CUORE anatchingidwa ndi mtovu wovuulidwa m'chombo cha Aroma chimene chinamira kufupi ndi Sardinia Yesu asanabadwe. M'zaka 2,000 theka latha maulendo pafupifupi 90, ndiye mtovu-210 munalibenso. Wa m'mabatire anu nawo wambiri ndi wobwezeredwa, unayengedwa kalekale, ndipo wakhala ukuzirala.

Tifike ku fodya, kumene nkhani imasintha. Mukudziwa mmene manja amadera ndi utomoni pothyola. Tsamba la fodya ndi lalikulu, lili ndi tiubweya tomata, ndipo limakhala pamphepo miyezi. Fumbi lonyamula mtovu-210 likatera limakanirira pomwepo. Wina umalowa kudzera m'mizu, makamaka kumene kumathiridwa feteleza wochokera ku miyala ya fosifeti, imene mwachibadwa imakhala ndi yureniyamu ndi radiyamu. Kuyanika m'chigafa sikuuchotsa. Kusunga fodya nthawi yaitali sikuthandizanso, ndipo apa ambiri amasokonezeka. Amati poloniyamu amatha theka m'masiku 138, ndiye fodya wogonera chaka ndi wabwino. Ayi. Kholo lake la zaka 22 lili pomwepo patsambapo, likubala poloniyamu watsopano tsiku ndi tsiku.

Kwa ana amene akusoka kapena kusankha fodya, cheza chimenechi si vuto. Alufa wa poloniyamu ali ndi mphamvu ya 5,300 keV, koma ndi wolemera, ndiye sapita patali. Mumpweya amatha pa masentimita anayi, pepala limamuimitsa, ndipo khungu lakunja lakufa limamuimitsanso. Belo la fodya mutha kuligonera osalandira kanthu kodetsa nkhawa kuchokera ku cheza. Chimene chimadwalitsa ana m'fodya ndi chikonga, chimene chimalowa pakhungu akamagwira masamba aawisi onyowa ndi mame, n'kuyamba chizungulire, nseru, kusanza ndi mutu. Kuonjeza apo pali mankhwala opopera ndi fumbi la posankha. Pa zifukwa zimenezo ndinganene mosazungulira kuti ana aang'ono asamagwire ntchito ya fodya, ndipo akuluakulu azivala malaya a manja aatali, azidikira mame aume, azisamba ndi sopo asanadye.

Koma mukayatsa, alufa uja mwamutsegulira khomo. Nsonga ya ndudu imatentha madigiri oposa 600, poloniyamu amauluka ndi utsi, ndipo timadontho ta utsi tonyamula mtovu-210 timakakamira m'mapapo, makamaka pamphambano za timachubu ta mpweya. M'mapapo mulibe khungu lakufa. Mphamvu yonse ija imathera m'maselo ochepa amoyo oyandikana nawo, ndipo imadula ulusi wa DNA m'njira yovuta kulumikiza. N'chifukwa chake powerengera chiopsezo, alufa timamuchulukitsa ka 20 poyerekeza ndi X-ray. Edward Radford ndi Vilma Hunt a ku Harvard ndiwo anasonyeza mu 1964 kuti mu utsi wa fodya muli poloniyamu-210. Ndi poloniyamu yemweyu amene anapha Alexander Litvinenko ku London mu 2006, ngakhale kuti iye anamwetsedwa mlingo waukulu kwambiri wopangidwa ndi anthu, wosayerekezeka n'komwe ndi wa mu ndudu. Wa mu ndudu sapha m'masabata. Amaunjikana mwakachetechete kwa zaka, pamodzi ndi zinthu zina pafupifupi 70 za mu utsiwo zimene zimadziwika kuti zimayambitsa khansa.

Mwati simusuta kwambiri. Ndamva mawu amenewa kwa anthu ambiri amene ndimawalemekeza, ndipo ndikudziwa kuti kusiya n'kovuta, makamaka fodya ali pakhomo waulere. Koma chingambwe si chabwinopo kuposa ndudu ya m'sitolo chifukwa chakuti mwalima nokha. Tsamba ndi lomwelo, tiubweya ndi tomweto. Ngati pa zonse ndalembazi mungachitepo chimodzi chokha chokhudza cheza, chikhale kusiya kusuta. Palinso chifukwa china. Bungwe la WHO limati radoni wa m'nyumba ndi wachiwiri kwa fodya poyambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo amavulaza kwambiri anthu osuta. Nyumba zathu zambiri zimapita mphepo, ndiye radoni saunjikana ngati m'maiko ozizira kumene amatseka ponseponse. Chipinda chogona chizikhala ndi zenera lotseguka masana, ming'alu ya pansi muziimata, ndipo pa nyumba wamba zimenezo n'zokwanira.

Tsopano chinanso chija chondidetsa nkhawa, kusungunula mtovu, chimene kwa ine n'chofulumira kuposa zonse. Mtovu wokhazikika, wosatulutsa cheza n'pang'ono pomwe, ndi poizoni. Ulibe theka lotha, ukalowa m'dothi la pakhomo umakhala pomwepo mibadwo. Umasungunuka pa madigiri 327, ndipo mukaupsereza pamoto wamphamvu umatulutsa utsi wosaoneka bwino umene mapapo amaulandira mosavuta. Phala louma la m'mapuleti a batire lakutha ndilo loipitsitsa, chifukwa limasanduka fumbi lomata ku zovala, ku nsapato, kutsitsi ndi m'zikhadabo. Thupi limautenga mtovu ngati kashiamu n'kuusunga m'mafupa zaka zambiri. Mayi woyembekezera amaupatsira mwana ali m'mimba. Mwana wamng'ono amayamwa m'matumbo mwake gawo lalikulu kuposa wamkulu, ndipo umaononga ubongo umene ukukula, zimene sizibwerera. Palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza.

Sizongoopseza izi. Ku Thiaroye-sur-Mer, kufupi ndi Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 m'dera limene anthu ankaphwanya mabatire akutha ndi kusefa dothi lake pofuna mtovu wogulitsa. Kwa anansi athu ku Kabwe ku Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a m'makomboni oyandikana nawo akupezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi chifukwa cha fumbi. M'malo onse awiriwa cheza sichinalowepo.

Sindikuti musiye ntchito imene ikudyetsa banja. Kutchaja mabatire, kuthira madzi, kuyeza, kugulitsa, zonsezi mutha kupitiriza. Chimene ndikupempha kuti musiye ndi kuphwanya mabatire akutha ndi kusungunula. Mitu ya batire yomangira ndi bawuti imagulitsidwa m'mashopu a zipangizo za galimoto, ndipo batire lakutha ndi bwino kuligulitsa lathunthu, losatsegula, kwa ogula mabatire akale. Ngati pakadali pano simungathe kulekeratu, chitirani panja kutali ndi nyumba, mphepo izichokera kumsana kwanu, moto ungokwanira kusungunula osapsereza. Kansalu kapakamwa wamba sikatchinga utsi wa mtovu, pamafunika chotchinga chenicheni chokhala ndi zosefera. Chiwaya kapena chitini chosungunulira chisayandikire kukhitchini, ndipo mbaula imeneyo isaphikirenso chakudya. Zovala za kuntchito zizitsala kuntchito, zizichapidwa pazokha, ndipo asachape ndi mayi woyembekezera. Pansi muzikolopa ndi madzi, tsache limangouluza fumbi. Musadye, kumwa kapena kupichira fodya ndi manja osasamba, pakuti pamenepo mtovu wa ku zala umapita pamoto n'kulowa m'mapapo. Ana asamasewere pamalopo, ngakhale kubwera kudzakupatsirani nsima.

Pakatha zaka 12 mukuchita zimenezi, ndikulangizani kuti mupite kuchipatala cha boma ngakhale mukumva bwino. Mukawauze momveka kuti mumasungunula mtovu wa mabatire, chifukwa mukangoti m'mimba mukupweteka adzayamba kufufuza zina. Mufunse za kuyeza mtovu m'magazi, ndipo ngati pamalopo sayeza akuuzeni kumene angakutumizeni. Akuyezeninso kuchuluka kwa magazi, BP ndi impso. WHO imalangiza kuti munthu akapezeka ndi mamaikulogalamu 5 kapena kuposa pa desilita ya magazi, gwero la mtovuwo lifufuzidwe ndi kuchotsedwa. Pa milingo yokwera kwambiri pali mankhwala okoka mtovu m'thupi, koma amaperekedwa ndi dokotala yekha. Mkaka suchotsa mtovu, ngakhale ambiri m'magalaja amakhulupirira choncho. Chakudya chokwanira, monga usipa wodya ndi minga yomwe, nyemba ndi masamba, chimathandiza kuti thupi lisayamwe wambiri, koma sichilowa m'malo mochotsa gwero.

Musadikire ngati muli ndi kupotokola kwa m'mimba kobwerezabwereza, kudzimbidwa, kufooka kwa dzanja moti likulendewera pamkono, kuiwalaiwala kapena mutu wosatha. Mwana akayamba kukwiyakwiya, kusafuna kudya, kusanza, kubwerera m'mbuyo pa kuyankhula kapena kusukulu, apite msanga, ndipo akakomoka kapena kugwidwa ndi khunyu ndi nkhani ya tsiku lomwelo. Kumbali ya chifuwa, kutsokomola kopitirira masabata awiri, makhololo a magazi, kuonda kapena kutuluka thukuta usiku n'zofunika kuyezetsa. Kwathu kuno choyamba kuganizira ndi TB, imene imachizika, koma muwauzenso kuti mumasuta.

Pali chinthu chimodzi chomaliza chimene munthu wofunafuna mtovu ayenera kudziwa, chifukwa apa m'pamene mtovu ndi cheza choopsadi zimakumana. Popeza mtovu umatchinga, zipangizo za cheza champhamvu za m'zipatala, m'mafakitale ndi za omanga misewu zimasungidwa m'zotengera za mtovu. Mu September 1987 ku Goiânia ku Brazil, anthu awiri otola zitsulo anatenga chotengera chotere m'chipatala chosiyidwa, akuona ngati apeza mtovu wogulitsa. Atachiboola munali ufa wa siziyamu-137 wowala mwa buluu usiku, ndipo anthu anagawana n'kumaonetsa abale. Anamwalira anthu anayi, mmodzi wa iwo mtsikana wa zaka 6, ndipo anthu oposa 100,000 anachita kuyezedwa. Choncho wina akadzakubweretserani chitsulo chooneka ngati kamgolo kapena kabokosi, cholemera mosayenerana ndi kukula kwake, makamaka chokhala ndi chizindikiro cha mapiko atatu akuda kapena ofiirira pa chikasu, musachigule, musachitsegule, musachiike pamoto. Chisiyeni pomwe chili, anthu atalikire, ndipo mudziwitse apolisi kuti aitane a Atomic Energy Regulatory Authority, bungwe la boma loyang'anira za cheza m'dziko muno, amene ali ndi makina oyezera. Amene anachigwira kale apite kuchipatala tsiku lomwelo, akanene chimene anagwira ndi nthawi imene anakhala nacho.